Land Cruiser yamagetsi ingapirire msewu wa ku Tete?

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu amakaniko a ku Gazaland ndi ku Mbare, tandithandizani. Anzanga akukangana za Land Cruiser Se, galimoto yongoonetsera imene a Toyota anaibweretsa ku Japan Mobility Show mu 2023. Ndi yamagetsi, ya mipando 7. Achinyamata akuigomera, ati ndi yokongola. Akuluakulu akuti imeneyo ndi yonyadira basi ku Borrowdale, dera la anthu olemera.

Ine nkhawa yanga ili pansi pa galimoto. Land Cruiser timaidziwa kuti bodi yake imakhala pamwamba pa chasisi chachitsulo, nchifukwa chake imalimba. Iyi bodi ndi chasisi anaziphatikiza, ngati galimoto zing'onozing'ono. Kodi yotere ikamenya maenje itasenza katundu wopita kumudzi, singapindike? Ikapindika, amakaniko athu angaiwongole, kapena ndiye kutaya?

China ndi batire. Kuchoka pano kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo magetsi athu mukuwadziwa kuthimathima kwake. Alipo amene anayendapo ulendo umenewu pa galimoto yamagetsi? Munatchaja kuti, ndipo zinatenga maola angati?