Mayi wachokera ku opaleshoni, mkaka wauma, mwana akukana bere

Mzamba wa ku Ntcheu: Anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mayi amene anachitidwa opaleshoni ya m'matumbo n'kugonekedwa masabata atatu. Mwana wake wa miyezi iwiri anatsala ndi agogo, ankamumwetsa Lactogen m'botolo. Pano mayi akafinya bere mukungotuluka timadontho, ndipo mwana akamuika kubere akulira n'kupotoza khosi. Pa sikelo ali ndi makilogalamu 4.8. Ndalama ya chitini china akuti ikuvuta. Mayiyu ndimuyambitse metoclopramide, piritsi limene ena amapereka kuti mkaka ubwere?

Sisita wa kuwodi ya ana: Amayi, piritsi lisakhale poyambira. Timadonthoto ndi nkhani yabwino, ndiponso mwana wosakwana miyezi itatu savuta kwenikweni kubwerera kubere. Bere limapanga mkaka likamayamwidwa. Mwana aikidwe kubere ka 8 mpaka 12 pa maola 24, usiku womwe, chifukwa prolactin, homoni yopangitsa mkaka, amachuluka usiku. Akakana, mayi afinye ndi dzanja mabere onse awiri maulendo omwewo. Asamuike atalira kale ndi njala. Amuyese akungodzuka kapena akamawodzera, atamufungatira pachifuwa opanda zovala monga timachitira kangaru.

Botolo lichoke lero, alowe m'malo kapu. Koma chonde, mkaka wam'chitini usadulidwe kamodzin'kamodzi. Pa mamililita 150 pa kilogalamu, mwanayu akufunika 720 patsiku, ndiye kuti 90 maulendo 8.

Mzamba wa ku Ntcheu: Zikomo Asisita. Nanga poti akungolavula nkhumbu, ndimunyengerera bwanji?

Sisita wa kuwodi ya ana: Tengani kachubu ka NG, kaja kodyetsera kudzera m'mphuno, saizi 5 kapena 8. Mbali imodzi muviike m'kapu ya mkaka, inayo muimate ndi pulasitala pabere, nsonga yake ifike pankhumbu. Mwana akayamwa akupeza mkaka, bere nalo likudzutsidwa. Ukamathamanga kwambiri, tsitsani kapu kapena mangani kamfundo kosathina pachubu, kuti ayamwe nthawi yaitaliko. Ngati kutsuka kachubu kungavute kumudzi, wina azidonthezera mkaka pabere ndi supuni mwana ali pankhumbu. Kuopa chilonda cha pamimba, mayi ayamwitse atagona cham'mbali kapena apanire mwana m'khwapa.

Kilinikala wa ku Mchinji: Ndikugwirizana ndi Asisita. Onaninso m'buku la mayiyo mankhwala amene anatuluka nawo. Codeine ndi tramadol amatha kugonetsa mwana n'kumufooketsa, ndiye musinthireni paracetamol. Mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen amachepetsa mkaka. Metoclopramide ndimalemba pokhapokha zonsezi zitachitika bwino kwa masabata awiri popanda kusintha, ndipo sapitirira masiku 14, chifukwa ena amawaumitsa khosi, ena amawapatsa nkhawa. Ngati mayi ali pa ma ARV, funsani ngati sanadukize ali m'chipatala, ndipo muyeze viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Dedza: Mundilole ndilankhuleko za kumudzi. Kwathu kuno agogo ambiri amati bere limene lakhala masiku osayamwidwa mkaka wake wasasa, ungatsegule mwana m'mimba. Mukaphunzitsa mayi yekha, akafika kunyumba amuletsa. Aitaneni agogowo, muwathokoze kaye posunga mwana wamoyo masabata onsewa, kenako muwafotokozere kuti mkaka suwola m'bere. Apatseni ntchito yogwira kapu ija. Thobwa ndi phala la nsinjiro musawaletse, mayi wochira opaleshoni akufunika kudya, bola amvetse kuti popanda kuyamwa mkaka subwera. Bambo ndi abale atenge za kumjigo ndi nkhuni. Chinanso chimene ndimachiopa: ndalama ikavuta amathira madzi ambiri kuti chitini chikhalitse.

Mzamba wa ku Ntcheu: Achimwene, pamenepo mwalasa. Agogowo ndi amene anayamba kundiuza za mkaka wosasa. Tsono ndidzayambe liti kuchepetsa wam'chitini?

Sisita wa kuwodi ya ana: Mabere akayamba kulemera ndipo mwana akumveka kumeza. Kwa ena zimatenga masiku ochepa, kwa ena masabata angapo, choncho muuzeni mayi asataye mtima. Chotsani mamililita 50 pa mlingo watsiku, dikirani masiku angapo, muone. Akodze kosachepera ka 6 patsiku, ndipo awonjezere magalamu osachepera 125 pasabata. Sikelo ikaima, bwezerani mlingo wakale. Ikatsika, kapena chitini chikatha mkaka usanabwere, musadikire: atumizeni ku NRU, wodi ya ana onyentchera, kumeneko ana aang'ono chotere amawapatsa mkaka wachipatala wa F-100 wosungunula kudzera pakachubu komweko.

Mzamba wa ku Ntcheu: Ndamva. Mawa abwera onse atatu ndi agogo, kachubu ndakapeza kale. Ndidzakulemberani za sikelo Lachisanu.