Apongozi anga ali ku Dzaleka ndipo asiya kugona

Bambo a Chisomo (Cape Town): Abale anga, ndithandizeni nzeru. Apongozi anga aakazi, omwe kwawo ndi ku Burundi, anali ndi kagolosale ku Lilongwe mpaka mu 2023 pamene boma linalamula kuti onse othawa kwawo abwerere kumsasa wa Dzaleka ku Dowa. Mlamu wanga akuti masiku ano mayiwo sakugona, nsima akungoiyang'ana, ndipo akamva galimoto usiku amabisala kuseri kwa chitseko. Dzulo anauza mkazi wanga pa foni kuti kuli bwino kufa. Kodi ife tili kutali chonchi tingatani?

Achimwene a ku Rustenburg: Muwatumizire ndalama pa Mukuru lero lomwe, chifukwa munthu wanjala sagona, ndipo thandizo la chakudya kumsasako linachepetsedwa.

Bambo a Chisomo: Ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi, achimwene, koma mwezi watha sanazigwire n'komwe.

Ankolo a ku Isipingo: Inu ana simudziwa msasa. Mu April 2015, anthu ataukira alendo kuno ku Durban, ndinagona masabata atatu mu tenti pabwalo la masewero, nsapato zili kuphazi, pasipoti ili m'sokosi. Anzanga anakwera mabasi a boma kubwerera kumudzi, ine ndinatsala. Panabwera a bungwe la madokotala la Doctors Without Borders, ndipo mayi wina anandikhazika pansi n'kumandifunsa za maloto anga. Ndinaseka, poganiza kuti wasowa ntchito. Koma kwa chaka chathunthu ndinkadzidzimuka munthu akamenyetsa chitseko, ndipo ndinayamba kuchira nditayamba kulankhula.

Nangozo (Johannesburg): Musayerekeze kuwapititsa kwa opereka uphungu wa za maganizo. Aliyense akudziwa kuti munthu akalembedwa kuti mutu sukuyenda bwino, dzina lake limachotsedwa pamndandanda wa opita ku America kapena ku Canada.

Achimwene a ku Rustenburg: Ine ndinamva zosiyana, kuti otero ndi amene amanyamuka msanga. Ngati zili choncho, ndilembeni inenso, chifukwa bwana wanga wandizunguza mutu kokwanira.

Anaphiri (Leeds): Nonse awiri mukunena zam'maluwa, ndipo nkhani ya kufa siyoseketsa. Ndagwira ntchito yosamalira odwala matenda a maganizo kwa zaka zambiri. Bambo a Chisomo, mawu amenewo musawatenge ngati kudandaula chabe. Mlamu wanu awafunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha, popeza kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Achotse m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, asawasiye okha usiku, ndipo mawa m'mawa apite nawo kuchipatala cha mumsasamo. A bungwe lothandiza othawa kwawo la Jesuit Refugee Service amaperekanso uphungu ku Dzaleka, ndipo mupemphe wolankhula Chirundi kapena Chiswahili, chifukwa zowawa za mumtima zimavuta kuzifotokoza m'chilankhulo cha eni. Mkazi wanunso akunyamula katundu wolemera. Angathe kuimbira a SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo ku South Africa komweko.

Watsopano: Moni nonse, kodi alipo akudziwa kumene akufuna munthu wa m'gadeni ku Pretoria?

Ankolo a ku Isipingo: Mwana iwe, uziyamba wawerenga usanalembe. Kodi kwanu umalowa pa siwa n'kuyamba kutsatsa tomato?

Nangozo: Komabe ine ndikuti zauphunguzi ndi za azungu. Amayi anga ankasunga anthu a ku Mozambique ku Nsanje nthawi ya nkhondo, ndipo ankachira ndi mapemphero komanso kulima pamodzi ndi anzawo.

Anaphiri: Pamenepo simunalakwe, achemwali, chifukwa kwaya, dimba ndi gulu la amayi zimachiritsadi. Vuto n'lakuti msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 ukusunga oposa 50,000, malo olima ndi osowa, ndipo mayi amene ankatsegula yekha golosale m'mamawa tsopano amangokhala pakhonde tsiku lonse. Mapemphero apitirire, koma kuchipatala apite.

Achimwene a ku Rustenburg: Mwatchula Dowa mwandikumbutsa kwathu ku Mponela. Nthawi ngati ino tikanakhala tikukazinga mtedza, mphepo ikuwomba kuchokera kuphiri. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinaone manda a bambo anga.

Bambo a Chisomo: Anaphiri, uthenga wanu wakwiririka pakati pa enawa. Kodi munati mlamu wanga awafunse yekha, kapena pakhale munthu wamkulu wa kumpingo?