Kodi bungwe la alimi a mbatatesi limakulitsa bwanji msika wakunja?

Funso: Ndakhala ndikuwerenga za bungwe la Potatoes USA, lomwe likulu lake lili ku Denver m'dziko la America, ndipo pali chimene chikundizunguza. Kodi amene akutsogolera bungwe lotere amatani kuti mayiko ena azigula mbatatesi yambiri, pamene bungwelo siligulitsa ngakhale thumba limodzi?

Yankho loyamba: Muyambe mwaona kumene ndalama zake zimachokera. Bungweli linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 1971, ndipo limatolera masenti atatu a ku America pa mbatatesi yogulitsidwa iliyonse yolemera mapaundi 100. Mtsogoleri amayenera kukhutiritsa alimi amene zofuna zawo n'zosiyana, chifukwa wolima mbewu, wolima yokazinga tchipisi ndi wolima yogulitsa yaiwisi onse amasonkha, ndipo aliyense amafuna kuona phindu la chosonkha chake.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezere kuti kutsatsa kokha sikutsegula malire. Kwa zaka zambiri dziko la Mexico linkalola mbatatesi yaiwisi ya ku America kufika makilomita 26 okha kuchokera pamalire. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula nkhaniyi mu 2021, ndipo katundu anayamba kulowa m'dziko lonse mu 2022. Bungwe la Potatoes USA sililoledwa kugwiritsa ntchito ndalama zosonkhedwazo pokopa andale, choncho mbali imeneyo imagwiridwa ndi bungwe lina la alimi a mbatatesi lotchedwa National Potato Council.

Yankho lachitatu: Kwa ine, ntchito yeniyeni imachitikira m'khitchini. Ku Japan, komwe amagula tchipisi chambiri choumitsidwa mufiriji, wophika akaonetsedwa kaphikidwe katsopano n'kukaika pa mndandanda wa zakudya, lesitilantiyo imaitanitsa katunduyo mlungu ndi mlungu.