Za dzina lija la Ifa, ndapeza yankho

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chake mnzanga wa ku Nigeria amatchula "Ifa" mwaulemu chonchija, pomwe kwathu ukauza munthu kuti "ifa" ndiye kuti wamutemberera. Ndinatsata malangizo a achimwene aja amene anati ndingomufunsa mwiniwake, ndisiye zongoganiza.

Anaseka mpaka misozi. Akuti m'Chiyoruba, Ifá ndi njira yawo yowombezera maula, yolumikizidwa ndi Orunmila, mzimu wa nzeru. Wowombezayo amatchedwa babalawo. Amagwedeza mbewu 16 za mgwalangwa m'manja, n'kumajambula timizere ndi chala pa ufa wowazidwa m'mbale yamtengo. Timizereto timaloza odu (chigawo cha maulawo) imodzi mwa 256, ndipo iliyonse ili ndi ndakatulo zake zoloweza pamtima. Kuloweza konseko ine kunandigometsa. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira mwambowu mu 2005.

Wina anandikumbutsanso kuti m'Chizulu ifa ndi chuma chamasiye, ndipo n'zoona.

Amene mudzafufuze mawu a Chiyoruba, samalani timizere ta pamwamba pa zilembo. Ifá mawu amakwera kumapeto, koma ìfà, otsika, ndi phindu longolitola.