Mauthenga a omvera pa nkhani ya del Toro ndi The Hobbit: tiwerenge ati pa wailesi?

Wowulutsa mawu wa ku Ulongwe:
Akuluakulu anzanga a pa wailesi, ndikupempha nzeru. Pulogalamu yathu ya mafilimu ya Loweruka likubwerali ikukamba za The Hobbit, mafilimu atatu ochokera m'buku la nthano limene J.R.R. Tolkien anatulutsa mu 1937. Nditangolengeza mutuwu, mauthenga anayamba kugwa pa foni ndi pa WhatsApp, ambiri ochokera kwa achinyamata. Ena akuti Peter Jackson anathamangitsa Guillermo del Toro kuti alande mpando wotsogolera filimu, pamene ena akuti del Toro anathawa yekha ntchito itamukulira. Abwana akufuna kuti mawu a omvera amveke, koma ine ndikuopa kufalitsa mphekesera ngati zoona. Ndichite bwanji?

Mkonzi wa nkhani wa mumzinda wa Tete:
Achimwene, mbali zonse ziwirizo zaphonya, ndipo muyenera kuyamba ndi zimene zikudziwika musanawerenge uthenga uliwonse. Del Toro anapatsidwa ntchitoyi mu 2008, ndipo anakhala zaka ziwiri akulemba nkhani ya filimuyo ndi kukonza maonekedwe a zilombo zake ku New Zealand. Anasiya mu Meyi 2010, ndipo chifukwa chimene iye ananena chinali kuchedwa kwa tsiku loyamba kujambula, popeza kampani ya MGM, imene inali ndi gawo la umwini wa filimuyo, inali itamira m'ngongole moti mu Novembala chaka chomwecho inakagwada kukhoti kuti yalephera kubweza. Jackson analengezedwa kukhala wotsogolera mu Okutobala 2010, kujambula kunayamba mu Marichi 2011, ndipo mafilimuwo anatuluka mu 2012, 2013 ndi 2014. Dzina la del Toro likuonekabe pakati pa olemba nkhani m'mafilimu onse atatu, limodzi ndi Jackson, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, ndipo womvera aliyense angathe kudzionera yekha mayinawo akamadutsa pamapeto. Uthenga wonena kuti munthu anathamangitsidwa ine sindingaulole kupita pa mphepo.

Wokonza mapulogalamu wa ku Furancungo:
Bambo mkonzi, pa mbiriyo ndikugwirizana nanu, koma pa zotaya mauthenga ndikukana. Mwana amene watha mameticais ake kugula mayunitsi kuti atilembere, akapanda kumva uthenga wake, sabata yamawa salembanso, ndiponso adzapitiriza kukhulupirira zomwezo poganiza kuti tamubisira kanthu. Uwerengeni uthengawo monga maganizo a womvera, osatchula dzina lake kuti asachite manyazi, kenako nenani pomwepo chifukwa chimene del Toro anapereka.

Chimene chikuwawawa achinyamatawa, mmene ndikuonera ine, ndi filimu ya del Toro imene sinajambulidwe, ndipo filimu yosajambulidwa palibe angaiweruze, ngakhale ife amene timakonda ntchito za bamboyu. Choncho funso la pulogalamu lisinthidwe likhale pa zimene aliyense anaona ndi maso. Poyamba mafilimuwa anayenera kukhala awiri, ndipo anakhala atatu mu 2012, del Toro atachoka kalekale. Kodi buku laling'ono ngati limenelo linayenera kutambasulidwa chotero? Pamenepo omvera angatsutsane mpaka nthawi kutha popanda kunamizira munthu.

Mkonzi wa nkhani wa mumzinda wa Tete:
Mayi, mwandigonjetsa, bola kuwongolako kubwere nthawi yomweyo, nyimbo isanalowe pakati, chifukwa wina amatsegula wailesi mochedwa ndipo amangotola chidutswa.

Wowulutsa mawu wa ku Ulongwe:
Zikomo nonse awiri. Ndiyamba ndi mbiri ija m'Chichewa, ndiwerenga uthenga umodzi wa mbali iliyonse ndi kuuwongola pomwepo, kenako ndidzatsegula foni pa funso la mafilimu atatulo. Bambo mkonzi, ndikutumizirani zolemba zanga Lachinayi madzulo kuti mundionereko zaka ndi katchulidwe ka mayina.