Kodi ndiyambire pati kuti ndidzakhale woyang'anira ntchito zomanga?

Mtsikana wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndinamaliza Giredi 12 ndipo ndinakhoza bwino masamu ndi Chingelezi. Cholinga changa n'chakuti ndidzakhale munthu amene amayendetsa ntchito yonse yomanga, kuyambira pa ndalama ndi antchito mpaka tsiku lopereka makiyi kwa mwini nyumba. Kodi pamafunika maphunziro otani, nanga n'zotheka kuyambira konkuno ku Chipata?

Injiniya wa ku Lundazi:
Mlongo wanga, njira yolunjika ndi Copperbelt University ku Kitwe, kumene School of the Built Environment imaphunzitsa construction management (kayendetsedwe ka ntchito zomanga) ndi quantity surveying (kuwerengetsa zipangizo ndi mtengo wa ntchito yomanga). Ena amayamba ndi civil engineering ku UNZA n'kudzaphunzira za kayendetsedwe ka ntchito pambuyo pake. Popeza onse ndi mayunivesite aboma, ungathe kupempha ngongole ya maphunziro ku HELSB, bungwe laboma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Masamu usawataye, chifukwa kuwerengetsa mtengo wa zipangizo ndi kukonza ndondomeko ya masiku ndiwo mtima wa ntchitoyi.

Foromani wa ku Katete:
A injiniya anena zoona, koma ine ndikuonjezerapo zimene digiri payokha siingakupatse. Mwana wanga, amisiri samvera munthu amene sadziwa kuona ngati khoma lapendekeka, kapena amene sadziwa chifukwa chake konkire imathiridwa madzi kwa masiku angapo ikangoikidwa, ndiponso chifukwa chake mphamvu yake imayesedwa pa tsiku la 28. Angakupatse ulemu pamaso, koma ukangotembenuka adzachepetsa simenti m'matope ndipo sudzazindikira mpaka pulasitala itayamba kugwa. Ngati ndalama za ku Kitwe sizikupezeka, Chipata Trades Training Institute ilipo, ndipo mapepala ake ndi a TEVETA, bungwe laboma loyang'anira maphunziro a luso la manja. Pitanso kwa khansala kapena komiti ya chitukuko ya wadi yanu ukafunse za thandizo la CDF, lomwe limalipirira achinyamata maphunziro a luso la manja. Ukatero ungadzakwere mpaka dipuloma ukugwira kale ntchito. Ndipo ngakhale utapita ku yunivesite, tchuti chilichonse uzipempha malo pa saiti, ngakhale pokhala wolemba matumba a simenti olowa ndi otuluka, pakuti pamenepo ndi pamene udzaone mmene mvula ya Januwale imaimitsira ntchito ya maziko.

Mayi kontirakitala, Chipata:
Pali mabungwe awiri amene ambiri amawasokoneza. EIZ (Engineering Institution of Zambia) imalembetsa munthu, kaya ndi injiniya, tekinishani kapena mmisiri, pamene NCC (National Council for Construction) imalembetsa kampani m'magiredi kuyambira 1 mpaka 6, ndipo oyamba kumene amalowera pa Giredi 6. Usathamangire kutsegula kampani yako, mwanangu. Yamba wagwira pansi pa ena kufikira utadziwa kuwerenga BOQ (bill of quantities, mndandanda wa ntchito ndi zipangizo zofunika, kuchuluka kwake ndi mitengo yake), chifukwa makontirakitala ang'onoang'ono ambiri amagwa pamene malipiro achedwa koma antchito ndi ogulitsa mchenga akufuna zawo.

Mtsikana wa ku Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Ndilembera ku Kitwe, koma podikira yankho ndikufuna kuyamba pa saiti. Amayi, kodi mtsikana wopanda pepala lililonse la zomanga amalandiridwa?

Mayi kontirakitala, Chipata:
Amalandiridwa, makamaka kusitolo ya zipangizo ndi polemba masiku a antchito. Upite ndi chitupa chako cha NRC ndi zotsatira za mayeso, ndipo ufunse foromani m'mawa ntchito isanayambe.