Phingo ndi mlombwa: chifukwa chiyani IUCN imaisiyanitsa?

Akuluakulu odziwa za mitengo, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa ana a kalabu ya zachilengedwe, ndipo sabata yamawa tikufanizira mitengo iwiriyi. Yonse ndi ya banja la nyemba, Fabaceae, koma mitundu ndi yosiyana: phingo ndi Dalbergia melanoxylon, mlombwa ndi Pterocarpus angolensis.

Chandiimitsa mutu ndi ichi. IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, imaika phingo m'gulu la mitengo yotsala pang'ono kukhala pachiopsezo, pomwe mlombwa uli m'gulu losadetsa nkhawa. Koma kwathu mlombwa ndiye watheratu! Paphiri pomwe tinkatola zipatso zake zozungulira zaminga pakati zija, lero pangotsala zitsa, ndipo akalipentala akuvutika kupeza thabwa la chitseko. Zimandiwawa kwambiri.

Kodi a IUCN amawerengera mitengo ya m'maiko onse pamodzi, osaona dera lililonse palokha? Nanga ngati mlombwa sukudetsa nkhawa, unalowa bwanji m'ndandanda wachiwiri wa CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo) mu 2023, momwe phingo analowa kale mu 2017? Ndikufuna kuwafotokozera anawa zoona. Amene mwagwirapo ntchito za nkhalango, chonde ndiunikireni.